Mowa ndi chiwongolero: kodi "kukhwimitsa chilango" n'kutani kwenikweni?

December akamayandikira timamva uthenga womwewo pa wailesi: apolisi achulukitsa zipata pamsewu, ndipo wopezeka akuyendetsa galimoto ataledzera aona zakuda. Ngozi yoopsa ikachitika pa M1, pamabwera mawu ena akuti chilango n'chochepa, chikhwimitsidwe. Mkangano umayambira pomwepo, m'maminibasi a pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pa siteji ya kabaza pa Lizulu, ngakhale pa siwa. Wina amati woledzera azingotsekeredwa, za chindapusa ayi. Mnzake amati kukweza chindapusa n'kunenepetsa matumba a anthu ena pa rodibuloko. Dalaivala, yemwe wakhala chete nthawi yonseyi, amangofunsa kuti, "Nanga mabotolo awiri n'kuledzera?"

Atatuwa amaoneka ngati akutsutsana, koma aliyense wagwira nkhani yakeyake. Woyamba akunena za kukula kwa chilango, wachiwiri za kagwidwe ka olakwa, dalaivala za malire omwe lamulo linaika. Tiyambire kwa dalaivalayo, chifukwa funso lake ndi lomwe ambiri timaliyankha molakwika.

Kuledzera komwe lamulo limanena

Kumudzi timati munthu waledzera tikaona akudzandira, lilime lalemera, wayamba nyimbo yomwe palibe wamupempha. Lamulo la pamsewu silidikira zonsezo. Road Traffic Act ya 1997 ili ndi milandu iwiri yoyandikana. Wina ndi woyendetsa galimoto mowa kapena mankhwala ozunguza bongo atakusokoneza. Umboni wake ndi zomwe anthu anaona, monga galimoto kupepeluka, fungo la mowa, kulephera kuima bwinobwino. Winawo ndi woyendetsa uli ndi mowa wopyola muyeso m'magazi kapena mu mpweya, ndipo umboni wake ndi nambala basi. Munthu akhoza kutsika m'galimoto ali chilili, n'kupereka moni waulemu kwa bwana wapolisi, koma n'kukhala wolakwa ndithu.

Muyeso wa kuno ndi 0.08. Tanthauzo lake ndi magalamu 0.08 a mowa weniweni, uja akatswiri amati ethanol, m'mamililita 100 aliwonse a magazi.

Nambalayi ili ndi mbiri. Mu 1897, dalaivala wa takisi wa ku London dzina lake George Smith anawomba nyumba ataledzera, ndipo anamulipiritsa masheleni 25. Iye ndi amene amatchulidwa ngati woyamba kugwidwa pa mlanduwu. Kwa zaka zambiri pambuyo pake makhoti ankadalira maso a wapolisi ndi dokotala: yenda pa mzere uwu, gwira mphuno yako utatsinzina. Ozolowera mowa ankapambana mayeso oterewa mosavuta. Zinthu zinasintha pamene katswiri wa ku Sweden, Erik Widmark, anapeza njira yoyezera mowa m'magazi ndi kuwerengetsa momwe umafalikira m'thupi. Mu 1936 dziko la Norway linakhala loyamba kulemba nambala m'lamulo, 0.05. Britain inaika 0.08 mu 1967, Barbara Castle ali nduna ya zamtengatenga, ndipo maiko ambiri omwe malamulo awo anachokera ku Britain ali pa nambala yomweyo, ife ndi anzathu a ku Zambia tili momwemo.

Ena anatsika. South Africa ili pa 0.05, ndipo oyendetsa galimoto za ntchito monga mabasi ndi mathiraki ali pa 0.02. Sweden ili pa 0.02 kuyambira 1990, Japan pa 0.03 kuyambira 2002. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, WHO, limalimbikitsa 0.05 kwa aliyense, ndi 0.02 kwa achinyamata ndi ongophunzira kumene kuyendetsa.

Chifukwa chotsitsira n'chakuti ngozi siyambira pa 0.08. Kafukufuku wotchuka wa mu mzinda wa Grand Rapids ku America mu 1964, ndi ena omwe anatsatira, anaonetsa kuti chiopsezo chimayamba kukwera cha pa 0.04. Pofika pa 0.08 chimakhala chitawirikiza katatu kapena kanayi poyerekeza ndi munthu wosamwa, ndipo pa 0.15 chimapyola kakhumi. Mowa umachedwetsa phazi kufika pa buleki, umachepetsa zomwe diso likuona m'mbali, umasokoneza kuyeza mtunda usiku, ndipo choipitsitsa, umapatsa munthu mtima woti zonse zili bwino. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Kuchedwa ndi theka la sekondi ndi mamita 11 owonjezera. Aliyense amene anadutsapo pa Lizulu tsiku la msika, madengu a tomato ndi kabichi atafika m'mphepete mwa phula, kapena amene anatsikapo ku Bembeke mu June chifunga chitatseka, akudziwa zomwe zimakwana m'mamita 11.

Mabotolo angati?

Yankho lake ndi lokhumudwitsa: zimatengera thupi, mowa wake, ndi nthawi. Mowa ukalowa umasungunuka m'madzi a m'thupi. Supuni ya shuga mu kapu ndi supuni yomweyo mu ketulo sizitsekemera mofanana, ndipo anthu nawonso ndi choncho: wamkulu thupi ali ndi madzi ambiri osungunulira, wochepa thupi ali ndi ochepa, ndipo amayi kawirikawiri amakhala ndi madzi ochepa kusiyana ndi abambo olemera mofanana nawo.

Tiwerengetse pang'ono. Botolo la mamililita 330 la mowa wa mphamvu ya 5% lili ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni. Kwa bambo wa makilogalamu 70, botolo limodzi limakweza nambala ija ndi pafupifupi 0.025 kapena 0.03. Atatu kapena anayi omwedwa motsatizana amamufikitsa pa malire. Mayi wa makilogalamu 55 akhoza kufika ndi awiri okha. Ndiye funso la dalaivala uja lili ndi mayankho awiri: kwa iye mwina sanapyole 0.08, koma ku South Africa, atakhala pa chiwongolero cha minibasi, botolo limodzi likanamukwanira mlandu.

Masamuwa amagwira pa mowa wolembedwa mphamvu yake pa botolo. Mowa womwe umamwedwa kwambiri m'midzi ya Dedza ndi Ntcheu sulembedwa kanthu. Kachasu wa mayi uyu ndi wa mayi uyo safanana, ndipo ngakhale pa mphika umodzi, wa mutu ndi wotsirizira ndi zinthu ziwiri. Masese ndi Chibuku zimapitiriza kuwira, kotero paketi ya lero ndi yomweyo itagona masiku atatu sizimenya mofanana. Palinso timabotolo ta mowa waukali tija ambiri amati midoli, tomwe tinadzaza malo a masacheti boma litawaletsa mu 2015. Kabotolo ka mamililita 200 ka mphamvu ya 40% kali ndi mowa wofanana ndi mabotolo pafupifupi 5 aja, koma kamalowa m'thumba la jekete ndipo kamatha m'mphindi zochepa. Tisaiwalenso kuti m'madera ena pakati pa Dedza ndi Biriwiri, M1 ndi malire enieni a dziko: ukawoloka msewu uli ku Mozambique, komwe zogulitsa zimatsata malamulo a kumeneko.

Kutuluka kwa mowa m'thupi ndi komwe kumapusitsa anthu ambiri abwinobwino. Ntchitoyi ndi ya chiwindi, ndipo chimaigwira pa liwiro lake, pafupifupi 0.015 pa ola. Khofi sachifulumizitsa. Kusamba madzi ozizira a ku Dedza sikuchifulumizitsa. Msuzi wa mang'ina kapena tchipisi cha pa chiwaya zimathandiza ngati wadya usanamwe kapena ukumwa, chifukwa mowa umalowa m'magazi pang'onopang'ono, koma womwe walowa kale suchoka ndi chakudya. Munthu amene wachoka pa ukwati 12 koloko usiku ali pa 0.20, pofika 6 koloko mmawa adakali cha pa 0.11. Wagona, wasamba, wavala malaya oyera, akuti ndi matsire chabe, koma mwa lamulo ndi woledzera. Nthawi imeneyo ndi yomwe minibasi zoyamba zimanyamuka, ndi yomwe malole a mbatatesi ochokera ku Tsangano amalowa mu M1.

Kachipangizo kouzira

Magazi akamadutsa m'mapapo, kagawo ka mowa kamatuluka n'kulowa mu mpweya, ndipo kagawoko kamayenda pa mlingo wodziwika. Ku America amawerengera kuti mowa wa m'mamililita 2,100 a mpweya ndi wofanana ndi wa mu mililita imodzi ya magazi. Ku Britain amagwiritsa ntchito 2,300. Kusiyana kumeneku kukusonyeza kale kuti makinawa amayerekeza zomwe zili m'magazi, sawerenga magaziwo mwachindunji.

Makina oyamba, a Rolla Harger a m'ma 1930, ankafuna kuti munthu auzire m'chibaluni. Mu 1954 Robert Borkenstein, yemwe anagwirapo ntchito ku polisi ya Indiana, anapanga Breathalyzer, ndipo dzinali linamamatira pa makina onse amtunduwu. A masiku ano ogwira m'manja ali ndi kachitsulo komwe kamatulutsa magetsi kakakhudzana ndi mowa. Mowa ukachuluka, magetsi amachulukanso, nambala n'kukwera. Wapolisi akamati "pitirizani, pitirizani" sikuti akukuzunzani: akufuna mpweya wochokera pansi pa mapapo, osati wa m'kamwa. Chingamu, adyo ndi mtedza zimabisa fungo kwa munthu, osati kwa makina.

Pali zinthu zomwe zingapangitse nambala kunama, ndipo ndi zomwe maloya amagwira kukhoti. Ngati munthu wangomeza kumene, mowa wotsalira m'kamwa umakweza nambala, n'chifukwa chake malangizo a makinawa amati padutse mphindi 15 kapena 20. Makina amafunika kuwunikidwa pafupipafupi kuti aziwerenga zoona, monga momwe a Malawi Bureau of Standards amachitira ndi masikelo ndi mapampu a mafuta. Kapaipi kouzirira kayenera kukhala katsopano kwa munthu aliyense. M'maiko ambiri, kachipangizo ka pamsewu ndi kongosankhira oti akayezedwenso, ndipo umboni wa kukhoti umachokera ku makina aakulu a ku siteshoni kapena ku magazi.

Magazi ndi umboni wolimba, koma ali ndi vuto la nthawi. Ngozi ikachitikira ku Golomoti kapena ku Kandeu usiku, kuti wapolisi afike, ovulala anyamulidwe, dalaivala afike pa chipatala cha boma n'kupeza womutenga magazi, maola amakhala atadutsa, ndipo maola awiri aliwonse amafufuta pafupifupi 0.03. Dalaivala wothawa pa malo a ngozi n'kukadzipereka mawa lake, kaya wathawa poopa kumenyedwa ndi anthu kaya pa chifukwa china, amafika umboni utatha wokha.

Zomwe zinachitika ku Kenya zikusonyeza kuti makina pawokha sakwanira. Apolisi kumeneko ankagwiritsa ntchito kachipangizo kotchuka ndi dzina loti Alcoblow, koma mu 2017 khoti la apilo linagamula kuti malamulo ang'onoang'ono omwe ankakaloleza sankagwirizana ndi lamulo lalikulu la pamsewu. Zinatengera Nyumba ya Malamulo kusintha lamulolo mu 2022 kuti nkhaniyo ikhazikike.

Chilango chili mitundumitundu

Anthu akamati chilango chikhwime, ambiri amaganiza za ndalama. Chindapusa n'chosavuta kupereka ndipo sichidzaza ndende, koma chili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, chimasuluka. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25% mu May 2022 ndi 44% mu November 2023. Ndalama yolembedwa m'lamulo imakhala pomwepo pamene mtengo wa china chilichonse ukuthamanga. Vutoli ndi lakale, ndipo ndi lomwe linabweretsa Fines (Conversion) Act ya 2005, yosinthira zindapusa zakale kuti zigwirizane ndi nthawi. Choncho nthawi zina chomwe chimalengezedwa ngati kukhwimitsa chimakhala kungobwezera chilango pomwe chinali. Chachiwiri, ndalama yomweyo siluma mofanana. Kwa mwini Prado ndi ya Loweruka limodzi. Kwa mnyamata wa kabaza woyendetsa njinga ya abwana ake ndi ya miyezi. Ku Finland anathana nazo kuyambira 1921 powerengera chindapusa molingana ndi zomwe munthu amapeza pa tsiku, koma njira imeneyo imafuna boma lodziwa malipiro a aliyense, ndipo ambiri a ife timapeza ndalama mosalembedwa paliponse.

Kulanda laisensi kumaluma olemera ndi osauka omwe, ndipo kumachotsa munthuyo pamsewu. Ku Britain wopezeka wolakwa amaletsedwa kuyendetsa kwa miyezi yosachepera 12, ndipo kukana kuuzira ndi mlandu pawokha. Kuno makhoti ali ndi mphamvu yoimitsa laisensi, ndipo a Directorate of Road Traffic and Safety Services amasunga mbiri ya madalaivala pa kompyuta mu MalTIS. Kuti chiletso chigwire ntchito, chigamulo cha khoti la ku Ntcheu chiyenera kufika mu kompyutamo, ndipo wapolisi wa pa Chingeni ayenera kutha kuchiona. Komanso sungalande laisensi kwa munthu amene alibe, ndipo si chinsinsi kuti akabaza ambiri alibe.

Ndende ndi yomwe achibale a womwalira amaifuna, ndipo n'zomveka. Pakafa munthu mlandu umakula, umakhala wopha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala. Mkangano uli pa yemwe wagwidwa asanapweteke aliyense. Ofuna ndende amati kudikira kuti aphe kaye n'kupusa. Otsutsa amakumbutsa kuti ndende zathu n'zodzaza kale, zomwe khoti linadzudzula mu 2009, ndipo womangidwayo amasiya ana opanda wowadyetsa.

Maiko ena anayesa zina. Japan mu 2007 inayamba kulanga wobwereketsa galimoto kwa woledzera, womupatsa mowa akudziwa kuti ayendetsa, ndi wokwera nawo akudziwa. Ku Sweden ndi kwina amamangirira kachipangizo kouzira ku galimoto, injini osalira mpaka dalaivala atauzira.

Kukula kwa chilango ndi mwayi wogwidwa

Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ofufuza akhala akupakangana kwa nthawi yaitali. Mu 1764 katswiri wa malamulo wa ku Italy, Cesare Beccaria, analemba kuti chomwe chimaletsa anthu kulakwa si nkhanza za chilango koma kutsimikiza kuti sichilephera kubwera. Munthu amene ali pa bala pa Chimbiya makiyi ali m'manja sawerenga ndime za lamulo. Amadzifunsa ngati pali apolisi pakati pa pomwe ali ndi kunyumba.

Mbiri ya Britain ikugwirizana ndi maganizowa. Lamulo la 1967 litangoyamba, anthu ofa pamsewu anachepa ndi oposa 1,000 m'chaka choyamba. Patapita zaka zochepa phindulo linayamba kuzilala. Katswiri wina, H. Laurence Ross, atazifufuza anapeza kuti poyamba madalaivala ankaganiza kuti apolisi ali paliponse, kenako anazindikira kuti mwayi woimitsidwa ndi wochepa, n'kubwerera ku zakale. Lamulo linali lomwelo, mantha ndi omwe anatha.

Australia inatenga njira ina: kuimitsa aliyense, nthawi iliyonse, popanda kudikira kuti aoneke wokayikitsa. Chigawo cha Victoria chinayamba mu 1976, New South Wales mu December 1982, ndi zilengezo zambiri pa wailesi ndi pa kanema. Apolisi amayeza anthu mamiliyoni pa chaka, ambiri mwa iwo osamwa n'komwe, ndipo cholinga chake n'chomwecho: aliyense akhale atauzirapo kapena ataona mnzake akuuzira. Ngozi zakupha zinatsika ndipo sizinabwerere pomwe zinali.

Scotland ikuonetsa mbali ina. Mu December 2014 inatsitsa malire kuchoka pa 0.08 kufika pa 0.05, koma ofufuza a ku University of Glasgow atayerekeza ndi England ndi Wales, komwe malire sanasinthe, sanapeze kuti ngozi zachepa. Chifukwa chomwe anachiganizira n'chakuti kuyeza pamsewu sikunawonjezeke.

Ofuna chilango chokhwima nawonso ali ndi umboni wawo. Mu 2002 Japan inakweza zindapusa kuwirikiza kasanu ndi kupitirira, ndipo imfa zobwera ndi oyendetsa ataledzera zinatsika kwambiri. Kungoti kukwezako kunabwera limodzi ndi kutsitsa malire, zilengezo, ndi apolisi ogwira ntchito molimbika, moti n'kovuta kulekanitsa chomwe chinathandiza kwambiri. Pa zonsezi, chomwe ndikuona kuti umboni ukuchirikiza mosakayikitsa n'chakuti chilango chachikulu chimagwira ntchito pomwe anthu akukhulupirira kuti agwidwa. Pomwe sakukhulupirira, chimakhala cha papepala.

Tikabwera nazo pa M1, mafunso ake amakhala a zinthu wamba. Rodibuloko yokhazikika aliyense amaidziwa, ndipo ya mwadzidzidzi imadziwika m'mphindi zochepa: madalaivala amaphethirirana magetsi, uthenga umayenda pa WhatsApp. Apolisi a trafiki timawaona kwambiri masana, pamene kumwa kumachuluka usiku ndi kumapeto a sabata. Kugwira ntchito usiku kumafuna galimoto, mafuta, nyali, zovala zowala, timapaipi tokwanira, ndi malo otetezeka oimikapo galimoto ya munthu amene wagwidwa, poti sungamulipiritse n'kumubwezera makiyi. Misewu ya fumbi yolowera ku Mayani, ku Kasumbu kapena ku Tsangano ndi nkhani inanso.

Ndiye pali ya fanta ija. Mantha a anthu ndi akuti chindapusa chikakwera, mtengo wa "tikambirane bwana" umakweranso, boma osapeza kanthu, woledzera n'kupitiriza ulendo. Ena amayankha kuti vuto la ziphuphu lithetsedwe palokha, polipira kubanki kapena pa foni m'malo mopereka ndalama m'manja, pogwiritsa ntchito makina osunga nambala iliyonse yomwe ayeza, ndi poumirira lisiti ya boma, GR ija. Malamulo alipo kale: Corrupt Practices Act imalanga wolandira ndi wopereka yemwe, ndipo madandaulo okhudza apolisi akhoza kupita ku Anti-Corruption Bureau kapena ku Independent Complaints Commission. Woganiziridwa nayenso ali ndi ufulu wake pa ndime 42 ya Malamulo Aakulu a dziko, kuphatikizapo kuonekera kukhoti pasanathe maola 48.

Amene lamuloli siliwafikira

Mu 2019 madokotala ndi ofufuza anayeza mowa mwa anthu akuluakulu oposa 1,200 omwe anafika pa Kamuzu Central Hospital atavulala pa ngozi za pamsewu. Chipatalachi ndi chomwe chimalandira ovulala kwambiri ochokera ku Dedza ndi Ntcheu. Pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali atamwa, ndipo pafupifupi onsewo anali amuna. Gulu lomwe linatsogola silinali la madalaivala: anali oyenda pansi, omwe pafupifupi 4 mwa 10 aliwonse anali atamwa.

Zimenezi sizichepetsa mlandu wa dalaivala woledzera, koma zikukulitsa chithunzi. Malo ambiri omwera mowa pa Linthipe, Chimbiya, Lizulu ndi Kampepuza ali m'mphepete mwenimweni mwa msewu womwe mabasi ndi mathiraki opita ku Blantyre, ku Tete ndi ku Beira amadutsa. Wotuluka m'menemo usiku amayenda pa phula, mumdima, atavala zakuda. Palibe malire a 0.08 a munthu woyenda pansi. Chomwe chingamuteteze ndi liwiro lotsika pa malo a malonda, magetsi, njira ya oyenda pansi, ndi nthawi yotsekera mabala, zomwe zili m'manja mwa makhonsolo, Liquor Act, ndi ndondomeko ya dziko yokhudza mowa yomwe inakhazikitsidwa mu 2017.

Palinso funso lobwerera kunyumba. Uthenga woti "ukamwa usayendetse" unabadwira m'maiko momwe muli basi ya usiku. Kwathu kuno mowa uli pa chinkhoswe, pa ukwati, pa chiliza, pa Umhlangano ku Nkolimbo, ndipo Angoni sitibisa kuti timaulemekeza. Mwambo ukatha dzuwa litalowa, wosiya galimoto yake amakwera kabaza, ndipo wa kabazayo wakhala akudikira makasitomala pakhomo pa bala lomwelo, mu mphepo ya ku Dedza, kwa maola angapo. Njinga yamoto ndi galimoto pamaso pa lamulo, malire ake ndi omwewo, koma ndi kangati pomwe timaona wa kabaza akuuzira?

Zomwe sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi la nambala. Kodi Malawi atsike kufika pa 0.05 monga WHO ikulimbikitsira? Ovomereza amaloza chiopsezo chomwe chimayamba kale munthu asanafike pa 0.08, okayikira amaloza Scotland n'kunena kuti tiyambe takwanitsa kuyeza pa malire omwe tili nawo. Pakati pawo pali ena oti malire otsika ayambire kwa onyamula anthu ndi katundu, monga ku South Africa. Zikatero, wa kabaza ndi wa Sienta adzawerengedwa m'gulu limenelo?

Lachiwiri ndi la ndalama. Ngati boma lili ndi zochepa, ziyambire pa makina ndi mafuta a usiku, pa makhoti, kapena pa magetsi ndi zochepetsa liwiro m'malo a malonda? Ndipo ndalama za zindapusa zizipita kuti? Zikamatsalira ku polisi zimathandiza kugula zipangizo, koma zimabweretsa chikayiko choti cholinga ndi kutolera, osati kuteteza.

Pali funso la ufulu: kuimitsa munthu amene sanalakwe kanthu kuti auzire, ena amakuona ngati mtengo wochepa wolipirira chitetezo, ena ngati khomo lovutitsira anthu. Pali funso la wogulitsa mowa ndi mwini minibasi, ngati nawonso ayenera kuyankhapo monga ku Japan, ndi momwe zingatsatidwire kwa mayi wotcheza kachasu kuseri kwa nyumba. Palinso la munthu wogwidwa kachiwiri ndi kachitatu, yemwe vuto lake mwina ndi matenda a uchidakwa, omwe chindapusa sichichiza.

Pansi pa onsewa pali funso la kawerengedwe. Lipoti la WHO la 2018 linayerekeza kuti Malawi amataya anthu 31 pa 100,000 aliwonse pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, chiwerengero choposa kangapo chomwe chinalembedwa m'mabuku a boma, chifukwa omwalira pambuyo pake kuchipatala kapena kumudzi nthawi zambiri salowa m'kaundula wa ngozi. Malipoti a ngozi amakonda kutchula kuthamanga kwambiri ndi kupitirira galimoto ina molakwika, ndipo dalaivala akapanda kuyezedwa, mowa womwe unamuthamangitsa sulembedwa. Ngati chilango chitakwera chaka chino, kodi ndi ziwerengero ziti za ku Dedza ndi Ntcheu zomwe tidzayang'ane zaka zitatu zikubwerazi kuti tidziwe ngati chathandiza, ndipo ndani akuzisonkhanitsa?